Mtengo Wopanda Nthambi Zapansi

Chitseko chachitsulo tachitsitsa mpaka m'chiuno,
wolowa aziwerama ngati wabwera kudzapepesa.
Kunja mvula ya São Paulo ikutsuka msewu wa Santa Ifigênia.
Muno tilimo asanu ndi awiri, mipando inayi,
maso onse pa sikirini yong'aluka pakona
imene mwiniwake anandisiyira kuti ndikonze
chaka chatha, osabweranso.

Wanderlei walowa chipewa cha njinga yamoto chikudontha,
pitsa ya kasitomala ikuzizira m'bokosi kumsana.
Kuntchito wawauza kuti tayala laphwa.
Tayalalo lili bwinobwino.

Kutsidya kwa nyanja, kumene kwacha kale,
bambo wa jekete lakuda akumwetulira ndi mano onse,
akusolola magemu ngati wamatsenga pamsika:
mtsikana wokwera namgumi m'mitambo,
mpikisano wa magalimoto mumzinda womira,
kenaka ija, ija tinkalimbirana tili ana,
aipaka utoto watsopano, nyimbo yake yomweija.
Jucimara anakuwa mpaka galu wa mlonda anayankha.
"Ndinanena ine! Sindinanene?"
Sananenepo. Tinamusiya.

Makinawo akuti ulumikiza ku kanema,
ukatopa uwazula, uwanyamula m'manja,
upita nawo kubedi, m'basi, pamzere wa kuchipatala.
Ine ndimangoyang'ana timabatani.
Zaka khumi ndi zinayi ndikutsegula mimba za zinthu izi,
ndimadziwa pamene zimayambira kudwala.

Ndiye nambala inatulukira.
Yoyera, yaying'ono, pansi kudzanja lamanja,
ngati ikuchita manyazi.
Tainá anatulutsa foni, nachulukitsa,
nawonjezera msonkho, nawonjezeranso msonkho wa msonkhowo,
natitembenuzira osanena kanthu.
Malipiro a miyezi itatu. Gemu ugule payokha.

Kunangotsala mvula.

"Mtengo uwu," anatero Jucimara pansipansi,
"ulibe nthambi zapansi. Ukwera bwanji?"

Wanderlei analumbira pali mayi ake, pali njinga yake,
kuti sagula, ngakhale amugwire pakhosi,
kuti tonse tikakana adzatsitsa okha, muona.
Tinavomera ndi mitu.
Analumbira chomwecho zaka zisanu zapitazo,
ndipo ngongole ya makina akalewo
anamaliza kubweza tsiku lomwe anandibweretsera atafa.
Ndinamuona akuwerenga zala pansi pa tebulo:
akagawa pakhumi ndi pawiri, mwezi uliwonse zingati?

Kauã yekha, mwana wa mchemwali wanga,
sanadzutse mutu usiku wonse.
Wakhala pa katoni ya mawaya, miyendo lendelende,
zala zikuvina pa kamakina kakale
kamene ndakakonza katatu, batire ndamanga ndi tepi.
Ndinamufunsa, waona zatsopanozi?
Anati, "Dikirani amalume, nditsala pang'ono kumupha."

Tinabalalika nthawi ya sitima yomaliza.
Pitsa tinadya. Wina alipira mawa.

M'sitima yapansi pa nthaka ndinapeza mpando wapawindo,
ndinatulutsa kanga m'thumba la jekete,
kokalamba, kopukutika zilembo, batani lamanzere lomata.
Mkwiyo ndinali nawo, sindikana,
koma unatsika pa siteshoni yachiwiri osatsanzika.
Kamunthu kanga kanafika pa phompho lija
limene landimeza sabata yathunthu.
Ndinaima. Chala chinazizira.

Pambali panga nesi wa nsapato zoyera,
maso ofiira ndi tulo, chikwama pamiyendo,
amasuzumira kuyambira ku Luz.
Sitinapatsane moni. Sindimudziwa dzina.
Anangowerama pang'ono nati,
"Osathamanga. Yembekeza mwala ubwerere.
Tsopano. Lumpha."

Ndinalumpha.

Nyali yofiira ya batire inayamba kuphethira,
iye anapitirira siteshoni yake, ine yanga,
ndipo mawa m'mawa shopu ndidzatsegula mochedwa,
anthu atandandana kale pakhomo
kufunsa ngati ndikulemba mayina a ofuna zatsopanozo.
Woyamba pamzere, ndikudziwa,
adzakhala atavala chipewa cha njinga yamoto.